Nsungwi Zodula M'dzinja

Sindikumbuka chaka chimene ndinachoka kwathu. Ndimangokumbuka kuti ndinanyamula chitenje chimodzi, mpeni ndi mwala wosalala wakumtsinje, ndipo kunja kunkawomba kamphepo konga ka mwezi wa Juni, ngakhale mwina sunali Juni. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyenda, kulowa m'nyumba za anthu ndi m'masitolo mwawo, kuwakonzera mkati kuti mukongole. Nkhani ino ndi ya mng'ono wanga Elube. Kunena zimenezo kukundiwawa, chifukwa ndinkafuna ikhale yanga.

Malo oyamba anali mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri. Ndinafikira kwa mayi wina wamtali, dzina lake Nangozo, amene ankazira nyumba za anthu kukakhala ukwati kapena kukamabwera alendo olemekezeka. Iyeyo ndiye anandiphunzitsa mtsiro. Ankadziwa dzenje la dothi lakuda, la dothi loyera ndi la katondo, ndipo sankakumba asanalawe.

"Lawa," anandiuza tsiku loyamba, atandipatsa kadothi pachala. "Ukamva mchenga m'mano, ndiye kuti khoma ling'aluka."

Ndinalawa dothi la m'mudzimo mpaka lilime linazolowera. Ndinazira, ndinatsutsuta pansi ndi mwala wanga uja mpaka maondo anachita zikang'a. Nangozo sankayamikira munthu. Khoma langa litauma koyamba osang'aluka paliponse, analigunda ndi chikhatho n'kunena kuti mawa tipita kwina. Nthawi imeneyo sizinandikhudze, popeza ndinali ndisanadziwe kuti ndine munthu wa njala ya kutamidwa.

Kenako ndinapezeka pa katauni kena ka pamlatho, pomwe mabasi ankangochepetsa liwiro koma osaima. Kunsi kwa mlathowo kunkakhala a Dzimbiri, bambo woluka malichero, madengu ndi nsengwa. Ndinawapempha madzi akumwa, ndipo ndinakhala nawo nyengo zozizira ziwiri, kapena zisanu. Anandiphunzitsa kung'amba nsungwi, kuzipala ndi kuzipinda popanda kuzithyola. Koma chachikulu chimene anandipatsa chinali nthawi yodulira. Iwo sankakhudza nsungwi mvula ikugwa. Ankadikira kuti kuzizire, udzu uume, ndiye n'kusankha zokhwima zokhazokha, zachikasu. Ankazimangirira ku miyala mumtsinje mpaka zinunkhe, n'kuzivuula, n'kuziika pa tsindwi la khitchini kuti utsi uzilowe.

"Nsungwi yodula m'dzinja imakhala ndi madzi otsekemera," anatero tsiku lina. "Uziikanda ndi chikhadabo n'kulawa. Ikatsekemera, isiye, ngakhale ikongole bwanji. Anankafumbwe amaimva ali kutali, ndipo akamaliza nsungwiyo amasamukira pa chimene wasungamo."

Anandionetsa dengu limene munthu wina anabwera nalo kudzadandaula, lomwe sanaluke iwo. Munali makaka, chinangwa chouma chija. Ndinagwira chimodzi, chinangofumbutuka m'manja. Ndinachoka pamlathopo manja a bambowo atayamba kunjenjemera, ana awo atabwera ndi ngolo kudzawatenga.

Panali tauni inanso, yomwe sindikumbuka kanthu kena kupatula shedi ya kalipentala wina wosalankhulalankhula. Iye sankagula thabwa latsopano. Ankatola zitseko za nyumba zogumuka, madesiki othyoka, mitondo yobooka pansi, ndipo zonsezo zinkasanduka matebulo ndi mashelefu. Kumeneko ndinaphunzira kuzula msomali wadzimbiri n'kuuwongola. Ndinatayako chikhadabo cha chala chachikulu chakumanzere, ndipo chinamera china chokhota.

Choncho pofika m'tauni ina ya fumbi ndinali ndi zonse m'manja: dothi, nsungwi ndi matabwa. Kumeneko kunali mayi wina wonenepa amene ankagulitsa ufa wa mgaiwa, nzama, nandolo ndi uchi m'kachipinda kamdima, katundu ali m'majumbo pansi. Anati akufuna sitolo yake izioneka ngati chakudya chimene amagulitsa, chochokera m'munda osati m'fakitale. Ndinagwira ntchito imeneyo masabata asanu ndi limodzi. Ndinazira makoma ndi katondo, ndinatsutsuta pansi, ndinapanga mashelefu a nsungwi ndi kauntala ya chitseko chakale, ndipo pakhoma ndinapachika malichero khumi, molunjika bwino pamzere.

Tsiku loti ndimalize, pakhomo panaima mtsikana atasenza kachikwama. Ndinamusiya kwathu akugweluka mano, ndipo tsopano anali wamtali kundiposa.

"Achemwali, ndine Elube," anatero. "Amayi ati ndizikhala ndi inu."

Ndinamuuza akhale pa mtondo apume. Sanakhale. Anayendayenda m'sitolomo manja ali kumbuyo, kenako anatenga mabotolo a uchi amene ndinawandandalika pa shelefu yapakati n'kukawaika pazenera. Anatsitsa malichero atatu mwa khumi aja, ena awiri anawakweza pang'ono. Zonsezo zinatenga nthawi imene munthu amamwera madzi.

Mwini sitolo anafika n'kuima pakhomo. Dzuwa linkadutsa mu uchi uja n'kugwera pansi pamene ndinatsutsuta ine.

"Wachita zimenezi ndani?" anafunsa.

Ndinatsegula pakamwa, koma chala cha mayiyo chinali chikuloza pazenera. Elube anaseka mwamanyazi n'kunena kuti achemwali ndi amene apanga zonse, iye wangosuntha mabotolo. Mayiyo anandigwedezera mutu monga mmene timachitira ndi mwana amene watibweretsera mpando, ndipo anapitiriza kuyang'ana uchi. Nsanje inandilowa tsiku limenelo, dzuwa likuswa mtengo.

Tinayamba kuyenda awiri. Misewu inali yosiyana koma inkatifikitsa pa khomo lofanana, pali mwini sitolo wotopa ndi majumbo ndi penti yonunkha. Ntchito tinagawana osakambirana. Ine ndinkasankha dothi, nsungwi ndi matabwa, n'kumanga. Elube ankabwera pambuyo n'kuika chinthu pamene chimayenera kukhala. Ndikanena chilungamo, mwanayo anali ndi maso. Ine ndikaona khoma lopanda kanthu ndinkafuna kulidzaza, iye ankalisiya, ndipo anthu ankaima patsogolo pa khoma lopanda kanthulo n'kumati lakongola. Tangoganizani, munthu kutamidwa chifukwa cha ntchito imene sanagwire.

M'tauni ina ya nkhungu, kumapiri, tinakonza sitolo ya bambo wina woyenda ndi ambulera nthawi zonse. Ankagulitsa bowa wouma, mfutso ndi chidede. Ndinamupangira siling'i ya bango, ntchito yothyola khosi, masabata atatu ndikuyang'ana kumwamba. Elube anatola zikho zosweka kuseri kwa msika, anazibowola ndi msomali wamoto n'kuvindikira nazo mababu a magetsi. Bamboyo anaima pakhomo, anapinda ambulera yake.

"Wachita zimenezi ndani?"

Ankayang'ana kumwamba ndithu. Koma ankayang'ana zikho, osati bango limene zinapachikikapo.

M'tauni ina ya m'malire, mwini sitolo sanafunse n'komwe funso limenelo. Titangotsika basi anatichingamira n'kufunsa kuti Elube ndi uti mwa awirife. Dzina la mwanayo linali litayamba kufika ife tisanafike. Langa palibe analifunsa, ndipo ine sindinalinene.

Chikhala kuti anali wodzikuza, bwenzi zinthu zili zophweka. Ndikanamukalipira, tikanayambana, ndikanapepukidwa. Koma Elube ankandithowa msana ndi madzi otentha tikaweruka, ankandisiyira mbali yaikulu ya chimanga chowotcha, ndipo paliponse ankanena kuti popanda achemwali iye sangapachike ngakhale chikho chimodzi. Ubwino wakewo unkandipsetsa mtima kuposa chipongwe. Ndinkamuyang'ana akusenda mbatata n'kumafufuza polakwika, mwina khutu lokhota kapena kayendedwe koipa, koma sindinkapeza kanthu. Ndinkamukonda, ndipo ndinkalakalaka atapunthwa kamodzi kokha anthu akuona.

Tsiku lina tikusankha nsungwi anandifunsa.

"Achemwali, kodi mumadziwa bwanji kuti iyi ndi yabwino, iyi ayi?"

"Umangodziwa," ndinayankha.

"Mudzandiphunzitse."

"Iwe zako ndi zikho. Izi zisiyire ife a manja okhakhala."

Anaseka poganiza kuti ndikumuseleula. Koma ine ndinali nditatsimikiza mumtima. Maso anali ake, dzina linali lake, ndiye nzeru za a Dzimbiri zikhale zanga ndekha, kanthu kamodzi komwe sangandilande.

Zaka zinapita, sindidziwa zingati. Kenako tinaitanidwa ku mzinda waukulu, kumene misewu imakwerana ndipo anthu amagula madzi akumwa m'mabotolo. Kumeneko kunali Mayi Chinguwo, amene anagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri ndipo atapuma anatenga nyumba yaikulu yomwe kale inali yosungiramo matayala. Ankafuna kutsegula sitolo ya zakudya zachilengedwe yoposa zonse zimene tinakonzapo. Anali atagwirizana ndi magulu a amayi a m'midzi kuti azimubweretsera mapira, mawere, nzama, khobwe, makaka, malambe ndi bwemba, zonse zolimidwa ndi kusungidwa popanda mankhwala.

"Muno simulowa pulasitiki, simulowa penti, simulowa mankhwala ophera tizilombo," anatero, akuyenda m'nyumba yopanda kanthuyo. "Ndaona anthu ambiri akudwala ndi zimene amadya. A Elube, ndamva mbiri yanu, ndipo nyumba yonseyi ndaipereka m'manja mwanu." Kenako anatembenukira kwa ine mwaulemu ndithu. "Inu ndiye owathandiza?"

"Awa ndi achemwali anga," anatero Elube msangamsanga. "Ndi amene anandiphunzitsa."

"Zabwino zimenezo," anatero Mayi Chinguwo, maso ali kale kudenga.

Munali m'dzinja. Mvula inkagwa tsiku ndi tsiku, ndipo mayiyo ankafuna sitolo itsegulidwe pofika masika, zokolola zatsopano zikamabwera. Nsungwi zathu zofukiza zinali zitathera pa ntchito yapitayo. Elube anali atajambula papepala mashelefu aatali ofika kudenga, ndi nkhokwe zing'onozing'ono zoluka zoti ziime pakati pa sitolo, iliyonse ndi mbewu yakeyake, kuti wogula azitapa yekha ndi chikho. Zinali zokongola ngakhale papepala pomwepo, ndipo ndinachita nazo kaduka ndisanadule nsungwi ndi imodzi yomwe.

Tinapita kukafuna nsungwi kunja kwa mzinda. M'mphepete mwa msewu tinapeza bambo wina atavala thumba kumutu chifukwa cha mvula, ali ndi mulu wa nsungwi zongodula kumene, zobiriwira, zonyezimira ndi madzi. Elube anazisisita ndi dzanja.

"Taonani mtundu wake, achemwali. Zikatsamira khoma loyera zija."

Anapita kuseri kwa muluwo kukalankhula ndi mwini wake. Ine ndinawerama, ndinakanda nsungwi imodzi ndi chikhadabo n'kulawa. Inali yotsekemera ngati nzimbe yanthete. Ndinakanda ina, chimodzimodzi. Ndinadziwa nthawi yomweyo chimene chidzachitike, mwezi wake ndi fungo lake lomwe. Ndikanangomuuza Elube kuti azisiye, ndipo tikanatha kupanga mashelefu a matabwa akale n'kudikira kuti kuzizire. Ndinalavula, ndinapukuta pakamwa ndi chitenje, ndipo ndinayang'ana magalimoto odutsa.

"Kwezani zonse," ndinamva Elube akuuza bambo uja.

Ndinadziuza kuti sizidzafika poipa. Timabowo pang'ono, kafumbi pang'ono, mayiyo adzakwinya nkhope n'kufunsa kuti kodi a Elube otchukawa sadziwa nsungwi, ndiye ine ndidzatulukira n'kukonza. Ndinkangofuna kuti mng'ono wanga achepeko pang'ono, afike pa msinkhu woti tiziyang'anana.

Ndipo ndinagwira ntchito imeneyo kuposa ina iliyonse m'moyo mwanga. Nsungwi zanthete zimapindika mosavuta, ndiye nkhokwe zija zinatuluka zosalala, zolukana mothina. Makoma ndinazira ndi dothi loyera, pansi lakuda, ndipo ndinatsutsuta mpaka munthu ankaona chithunzi cha miyendo yake. Kauntala inali ya zitseko ziwiri za tchalitchi china chimene chinagumulidwa. Elube anapachika mikeka ya mlaza kudenga kuti kutentha kwa malata kusatsike, anasoka makatani a ziguduli, anaika mitsuko yong'aluka m'makona n'kudzalamo timbewu tonunkhira. Pakhomo anagoneka mtondo wakale cham'mbali n'kuthiramo malambe, ngati angokhuthuka okha. Ndinadutsa pa mtondo umenewo kambirimbiri ndikufuna kuupeza cholakwa, koma unali pamalo pake.

Tsiku lotsegulira kunabwera anthu ovala bwino, ojambula chilichonse ndi mafoni. Amayi a m'midzi aja anabweranso, atavala zitenje zofanana, ndipo anaima pafupi ndi nkhokwe zawo mwamanyazi, aliyense akuyang'ana mbewu zake zili pamalo aulemu chonchi. Mayi Chinguwo anagwira Elube dzanja n'kumuyendetsa kwa mlendo aliyense. Elube ankacheuka kundifunafuna, akundikodola, koma ine ndinaima kumbuyo kwa shelefu ya uchi ngati ndikukonza kanthu. Nsungwi zinali zidakali zobiriwira pang'ono, ndipo aliyense ankazigwira.

Sitinachoke mumzindamo, chifukwa ntchito zina zinabwera zokha. Mvula inatha, kunazizira, kenako kunayamba kutentha. Tsiku lina ndinapita ndekha kusitolo kuja kukaziranso pansi pomwe panaperepeseka ndi nsapato. Nditagwada pafupi ndi nkhokwe ya makaka ndinaona kafumbi kachikasu, kosalala ngati ufa woyera, katachita kamulu pansi pa nsungwi. Pamwamba pake panali kabowo konga ka singano. Nthawi inali idakalipo. Tikanatulutsa mbewu zonse tsiku lomwelo, zambiri zikanapulumuka. Mayi Chinguwo anali pakauntala, masitepe khumi kuchokera pamene ndinagwada, akukambirana ndi kasitomala za mmene Elube anasankhira malo a zenera. Ndinamvetsera mawu amenewo mpaka kumapeto, kenako ndinakolopa kafumbiko ndi nsanza yanga yonyowa n'kuzira pamwamba pake.

Mayi Chinguwo anatiitana patapita masabata angapo, m'mawa. Sitolo inali yotseka. Titalowa munali zii, ndipo mu ziiyo munkamveka kaphokoso kakang'ono kosalekeza, kochokera m'mashelefu onse, ngati anthu ambiri akutafuna patali. Fumbi lachikasu linali paliponse, pa mabotolo, pa kauntala, pansi panga pakuda paja. Mayi Chinguwo anapisa dzanja m'nkhokwe ya makaka n'kutulutsa chimodzi. Anachifinya pang'ono, chinafumbutuka. Mapira anali atalowedwa, nzama zinali ndi mabowo, ndipo thumba lililonse limene ankatsegula munkatuluka tizilombo.

Wina mwa ogwira ntchito ananena zoti agule mankhwala apopere. Mayiyo anapukusa mutu.

"Ndinalonjeza anthu kuti muno mulibe mankhwala. Tulutsani zonse padzuwa. Zotheka kupeta tipete, zotsalazo zipite ku nkhumba."

Zopita ku nkhumba zinachuluka. Amayi a m'midzi aja anali atamva, ndipo ena anabwera. Anakhala pansi pakhonde miyendo atatambasula, akuyang'ana dzinthu za chaka chonse zili mbwee pa mikeka. Mmodzi, wachikulire, ankatola nzama imodziimodzi, kuiyang'ana, n'kuiika kumbali. Palibe analira ndipo palibe anatukwana. Ine ndinali ndisanawaganizireko amayi amenewa ngakhale kamodzi pamene ndinkalawa nsungwi m'mphepete mwa msewu muja. M'mutu mwanga munali Elube yekha.

"A Elube," anatero Mayi Chinguwo motsitsa mawu, "ndinakukhulupirirani."

Elube anagwada pa fumbi lomwelo.

"Ndalakwa, mayi. Nsungwi ndinasankha ndine."

Sanandiyang'ane. Ndinadikira kuti anene zoti achemwali analipo, koma sananene. Apa mpamene ndinayenera kugwada pambali pake. M'malo mwake ndinamva pakamwa panga pakulankhula, mawu osalala ngati ndinawakonzeratu, ndipo kunena zoona ndinali nditawakonzeratu kwa miyezi.

"Mayi, nsungwi izi zinadulidwa m'dzinja. Pamafunika zodula kukuzizira, zokhwima, zoviika mumtsinje ndi kufukiza ndi utsi. Zoterozo anankafumbwe sazikhudza. Zonsezi ziotchedwe, makoma ndizirenso, ndipo ndikudziwa kumene ndingapeze zabwino."

Mayi Chinguwo anandiyang'ana nthawi yaitali. Aka kanali koyamba kuti maso ake aime pa ine.

"Ndiye mukonze inuyo," anatero. "A Elube ayambe apuma. Kodi paja dzina lanu ndani?"

Ndinamuuza. Analibwereza kawiri kuti asaliiwale, ndipo anaitana ogwira ntchito n'kuwauza kuti kuyambira lero azimvera ine. Ndinali nditadikira funso limenelo m'matauni onse aja, pa makomo onse aja. Ndinaima n'kudikira kuti ndimve kukoma, koma m'kamwa munali fumbi lokhalokha. Nditacheuka, pamene Elube anagwada panangotsala zidindo za maondo awiri.

Ndinamupeza masana kuchipinda chimene tinkachita lendi. Anali atayala chitenje pansi, akuikapo zovala zake, lumo, singano ndi mapepala ake ojambulapo. Chitseko chinali chotsegula ndipo panja mayi wina ankachapa.

"Ukupita kuti?" ndinafunsa.

"Kumudzi kaye. Amayi akalamba."

"Zimenezi zitha, Elube. Anthu amaiwala. Ndikakonza mashelefu udzabwera kudzaika zinthu m'malo mwake."

Anapinda bulauzi, anaiika pamwamba pa zinzake n'kuisalaza ndi chikhatho.

"Achemwali, tsiku lija ndinakuonani."

"Tsiku liti?"

"Kumsewu kuja. Ndinali kuseri kwa mulu, koma ndinkakuonani pampata. Munakanda nsungwi n'kulawa. Munakanda inanso. Mumatero nthawi zonse, ndipo ikakhala yoipa mumapukusa mutu. Ndiye ndinaima n'kudikira mutu wanu." Anaika lumo pamwamba pa zovala. "Simunapukuse. Ndinati achemwali alawa ndipo akhala chete, ndiye kuti ndi zabwino. N'chifukwa chake ndinati akweze."

Mayi wochapa uja anakhuthula madzi panja. Ndinafuna kunena kuti mvula inandisokoneza lilime, kapena kuti sindinali wotsimikiza, ndipo ndikudziwa kuti akanavomera, chifukwa Elube ankavomera chilichonse chochokera kwa ine.

"Inali yotsekemera," ndinatero.

"Ndamva mmene munalankhulira kwa Mayi Chinguwo. Ndinadziwira pamenepo." Mawu ake sanakwere. "Zaka zonsezi sindinagulepo nsungwi popanda kuyang'ana nkhope yanu. Ine ndimaona pamene chinthu chikhale, basi. Choti chilimba kapena ayi, ndinkaonera pa inu."

"Bwanji sunawauze mayi aja kuti ndinalipo?"

"Ndikanati chiyani? Kuti achemwali anga anandisiya dala?" Anapukusa mutu. "Zimenezo sizinenedwa kwa anthu."

Ndinamuuza kuti ndinkachita naye nsanje. Ndinanena mawu enieniwo, kuti kuyambira tsiku la uchi lija sindinagonepo osamuchitira kaduka. Ndinkayembekeza kuti adabwa, kapena alira, kapena andipatse mbama, chilichonse choti tigwirepo.

"Ndinkadziwa," anatero. "Ndinkayesa kuti ndikamakutchulani paliponse zidzatha."

Anasonkhanitsa ngodya zinayi za chitenje n'kumanga. Katunduyo anali wolemera chifukwa cha mapepala ndi zitsulo zake. Anapinda nkhata, anaiika pamutu n'kuwerama pang'ono.

"Ndisenzetseni, achemwali."

Ndinagwira mbali imodzi, iye ina, tinakweza limodzi. Nkhope zathu zinayandikana, ndipo ndinaona kuti m'nsidze zake munali mudakali fumbi lachikasu. Anadzuka, anayesa kulemera kwake ndi khosi, n'kutuluka pakhomo cham'mbali kuti katundu asagunde. Sanatsanzike ndipo sanacheuke.

Ndinaima pakhomopo kumuyang'ana akutsika ndi msewu, pakati pa ogulitsa tomato ndi njinga za kabaza. Ndinkadziwa kuti sindidzayendanso naye, ndipo misozi inali ikutsika. Koma maso anga anali pa katundu uja. Anali atamanga chitenjecho mwakuti maluwa ake anakumana pakati ndendende, mfundo itakhala pambali pang'ono, nsonga ziwiri zikulendewera mosiyana kutalika. Anamanga mothamanga, mtima uli wosweka, osayang'ana n'komwe. Ine ndikanayesa tsiku lonse sindikanamanga choncho, ndipo ndili m'kati molira ndinamva nsanje ija ikudzukanso, yamoyo ngati kale.